Linux si zinyalala ayi

Akonzi,

Mlembi wanu amene wanena kuti mapulogalamu aulere a pakompyuta ngosalimba, ati poti alibe mwini, walemba ali m'tulo. Foni ya Android ili m'thumba mwakemo imayendera Linux, pulogalamu yaulere imene Linus Torvalds adaiyamba mu 1991 akadali pasukulu ku Helsinki.

Umboni wake ndi umodzi basi: mzinda wa Munich ku Germany, womwe mu 2017 udagamula zosiya Linux n'kubwerera ku Windows. N'zoona zimenezo. Nanga bwanji wabisa zoti mu 2024 boma la Schleswig-Holstein, ku Germany komweko, lidagamula zosamutsira makompyuta pafupifupi 30,000 ku mapulogalamu aulere a LibreOffice ndi Linux? Kapena nkhaniyo idamupita?

Kuno kwathu, mwezi ukatha, kalaliki wa ku ofesi ya zaumoyo amakhala ndi mulu wa malipoti a malungo ndi katemera, n'kumalowetsa ziwerengerozo mu DHIS2, pulogalamu imene amaiyang'anira ku University of Oslo. Ya laisensi salipira. Ndalama zimathera pa maphunziro, maseva ndi intaneti, ndipo apa mpamene mlembiyo akadafunsa mafunso.

Akonzi, muuzeni ayambe wafufuza asanalembenso.

Wowerenga wanu,
Zomba