"Sit" Sikukhala Pansi Kokha

Anzanga, pafupifupi aliyense wa ife ali ndi kope lolembamo mau a Chingerezi: kumanzere liu la Chizungu, kumanja tanthauzo lake limodzi m'Chichewa. Ine ndikuti kaphunziridwe kameneka kakutipusitsa, ndipo mboni yanga ndi kaliu ka zilembo zitatu zokha, "sit".

M'makope muja tidalemba kuti "sit" ndi kukhala pansi, basi. Koma taonani. Mngerezi akati "sit an exam" akunena kulemba mayeso. Akati "Parliament is sitting" ndiye kuti aphungu ali pa zokambirana zao ku Nyumba ya Malamulo, ngakhale amene akulankhulayo waimirira. Nkhuku imachita "sit" pa mazira, kumene kuli kufungatira. Mkulu wa mu ofesi akachita "sit on" kalata yanu, waitsekera dala m'kabati kuti nkhani isayende. Nanga "sit up" usiku wonse? Kumeneko ndi kuchezera.

Liu lomweli lidalowanso m'mbiri ya dziko la Amereka. Pa 1 February 1960, ophunzira anayi achikuda mumzinda wa Greensboro adakhala pa mipando ya m'malo odyera imene inkasungidwira azungu okha, nakana kuchokapo. Zimenezi amazitcha "sit-in". Wophunzira wodalira kope lake angaganize kuti anyamatawa adangotopa nafuna kupumula, pamene iwo ankalimbana ndi tsankho.

Amene tidalawako Chilatini tili ndi mwai wina. "Sit" ndi "sedere" ndi apachibale, muzu wao ndi umodzi. Kuchokera kwa "sedere" kudabadwa "session", ndiponso "president", amene ndi munthu wokhala kutsogolo kwa anzake. Mu "Holy See", liu lakuti "see" silikunena za kuona ai. Lidachokera ku "sedes", mpando. N'chifukwa chake kuyambira pa 21 April 2025, pamene Papa Francis adamwalira, kufikira pa 8 May pamene adasankha Papa Leo XIV, Mpingo unkati "sede vacante", mpando uli wopanda mwini.

Tsono tisaganize kuti Chingerezi chokha ndicho chili ndi luso lotere. Liu lathu lakuti "kukhala" nalonso lasenza katundu: khalani pansi, amakhala ku Dedza, khala chete, wakhala mphunzitsi zaka khumi. M'menemo mudatulukanso chikhalidwe, mkhalakale ndi mkhalapampando. Vuto ndi lakuti katundu wa "kukhala" ndi wa "sit" safanana. Ukalemba kuti "I sit in Dedza", wochonga mayeso adzadula ndi cholembera chofiira, pakuti pamenepo pafunika "live". Kwathu mkhalapakati ndi munthu wolemekezeka woyanjanitsa anthu okangana, koma Mngerezi akakuuza kuti "you sit on the fence" sakukuyamikira. Akuti ukuopa kusankha mbali.

Ena adzati kuloweza mndandanda wa mau n'kwachangu, ndipo mayeso sadikira munthu. Zoona, kwa mwana wa Fomu 1 mndandanda umathandiza poyambira. Koma tonse tikudziwa kuti satifiketi ya MSCE siituluka ngati munthu walephera Chingerezi. Pa tsiku limenelo sadzatifunsa kuti "sit" ndi chiyani. Adzatipatsa nkhani kuti tiwerenge, ndipo liu lililonse lidzabwera litazunguliridwa ndi anzake amene amalisintha tanthauzo. Wodziwa tanthauzo limodzi lokha adzayankha molimba mtima, koma molakwa.

Choncho pempho langa ndi ili. Anzanga, tikapeza liu latsopano tilembe chiganizo chonse m'mene talipezamo, osati liu lokha. Tikatsegula dikishonale tisaime pa tanthauzo loyamba. Tiwerenge mpaka pansi, pamodzi ndi zitsanzo zake. Mabuku a nthano a m'laibulale asamangodya fumbi. Kwa Abambo ansembe ndi aphunzitsi athu, mutilole nthawi zina tiziyerekeza Chingerezi ndi Chichewa m'kalasi, chifukwa m'kuyerekezamo ndi m'mene timaonera pamene ziwirizi zapatukana njira. Ndipo inu makolo, pokonza thumba la mwana wobwerera ku seminale, pambali pa sopo ndi shuga ganizirani za dikishonale yokhala ndi zitsanzo. Imodzi imakwana zaka zinayi zonse.

Pomaliza, liu likatizunguza tisachite manyazi kufunsa, ngakhale lioneke laling'ono ngati "sit". Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.