Mphatso ya Khrisimasi si malipiro

Khrisimasi yayandikira, ndipo mlonda wa pageti, mayi wotisungira nyumba, mnyamata wotiwetera ng'ombe ndi aganyu opalira m'minda mwathu ayamba kutiyang'ana. Ena amanena moseka kuti, "Bwana, Khrisimasi bokosi yanga?" Ena amangokhala cete. Ife tikuti onsewa ayenera kuthokozedwa, koma kupatsa kuli ndi mwambo wake.

Coyamba, tibweze ngongole. Kuyambira mu Januwale 2024 boma linaika K1,300 pamwezi kukhala malipiro ocepetsetsa a anchito a m'nyumba. Amene amalipira zocepera apo, kapena sanalipire wanchito miyezi iwiri, asadzitame cifukwa ca citenje cimodzi. Malipiro ndi thukuta la munthu. Mphatso imabwera pamwamba pake, ndipo sitiidula pa malipiro a mwezi wamawa.

Caciwiri, tipereke msanga. Disembala ndi mwezi wa njala: nkhokwe zambiri zatha, cimanga cikali cacing'ono m'munda. Ngakhale kuti fizi inacotsedwa m'masukulu a boma mu 2022, mayunifomu, nsapato ndi makope a Januwale amafunabe ndalama. Wolandira tsikulo lisanafike amatha kugawa bwino.

Nanga tipereke zingati? Palibe lamulo. Kwa wanchito wa caka conse, ife tikuona kuti malipiro a sabata imodzi ndi poyambira pabwino. Mlimi wopanda ndalama angapereke tini ya cimanga, nshawa kapena nkhuku. Mowa ndi nsanza zimene ife eni sitingavale si mphatso.

M'mahotela, 10 peresenti imene amalemba pabilu kuti service charge ndi ya anchito mwa lamulo. Amene wakondwa ndi nchito yao angaonjezepo pang'ono m'manja mwa wom'tumikirayo. Koma ndalama yopatsa wapolisi pamsewu kapena kalaliki wa boma kuti zathu ziyende, dzina lake ndi ciphuphu, ngakhale ikulungidwe m'pepala la Khrisimasi.

Pa 26 Disembala timakumbukira Stefano Woyera, amene anasankhidwa kuti azigawa cakudya kwa amasiye. Nchito yotumikira siinyozeka. Conco tipereke ndi manja awiri, pambali, popanda kulengeza kwa anansi, ndipo timasule wanchito akapemphere ndi kudya ndi banja lake. Akulu anati kupatsa nkuika.