Mwana ayambe kulemba zimene amalankhula

Mu Januwale 2022 boma linacotsa malipiro a sukulu, ndipo caka comweco linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000. Ana ambiri amene anali kukhala panyumba tsopano ali m'kalasi. Tiyamika Mulungu pa zimenezi. Koma makalasi adzaza, ndipo phunziro limene livutika kwambiri pamene ana aculuka ndi la kulemba.

Ana angathe kuchula a, e, i, o, u onse pamodzi ndi mau amodzi. Kulemba sikutero. Mphunzitsi afunika kuima pambali pa mwana aliyense, kuona mmene wagwirira pensulo, kumuongolera pamene wasokoneza b ndi d, ndi kumuonetsa posiya mpata pakati pa mau. Pamene ana ali ambiri, ena atatu atatu pa desiki limodzi, nthawi imeneyo siipezeka. Mwana amangokopera za pa bolodi. Buku lidzaza, koma mukamuuza kuti alembe ciganizo cake-cake, dzanja liuma.

Palinso nkhani ya cilankhulo. Kuyambira mu 2014, ana a Giredi 1 mpaka 4 anali kuphunzira m'cilankhulo ca kudera kwao, cimene kuno ku Chipata ndi Cinyanja. Ndondomeko yatsopano ya maphunziro, imene inayamba mu 2025, yapatsa Cingelezi malo oyamba pophunzitsa. Timvetsa makolo amene akondwera nazo, popeza mayeso ndi nchito zifuna Cingelezi. Komabe Cinyanja cili ndi ubwino umene sitiyenera kutaya: cilembedwa monga mmene cimvekera. Mwana amene wadziwa ma, me, mi, mo, mu angalembe yekha kuti "Amai aphika nsima." M'Cingelezi lemba limodzi limveka mosiyana-siyana, cotero mwana aloweza mau m'malo mowamanga. Amene wayamba kumanga ziganizo m'cilankhulo cake savutika kutengera lusolo ku Cingelezi.

Mipingo si yacilendo pa nchito imeneyi. Mishoni ya Magwero, imene inayamba mu 1899, inafalitsa Uthenga pamodzi ndi sukulu, kuti anthu aziwerenga okha Mau a Mulungu. Lero tili ndi nyumba za mapemphero zimene zikhala zotseka pakati pa sabata, ndiponso aphunzitsi opuma pa nchito m'mabenchi athu.

Tipempha akulu a mpingo, a Cigwirizano ca amai ndi acinyamata kuti akonze timagulu ta ana ocepa, kamodzi kapena kawiri pa sabata. Aphunzitsi a Sande Sukulu apatule mphindi khumi kuti mwana aliyense alembe dzina lake ndi ciganizo cimodzi ca zimene wamva. Inu makolo, madzulo musangoona ngati buku ladzaza. Funsani mwana zimene wadya kapena kumene wapita, ndipo alembe yankho lake. Ngati pepala lasowa, makala alipo, ndipo pabwalo pali dothi.