Tsokonombwe ndi Mabuloko a ku Kalingalinga

Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Kachirombo kaja sikauluka ngati dzombe. Kamangodumpha pang'ono, n'kutera, n'kudumphanso, ndipo pofika madzulo kali kutsidya kwa dambo. Mwambi umenewu ndikuupereka kwa aphunzitsi atsopano a ku University of Zambia, makamaka ana athu amene akuchita lendi ku Kalingalinga ndi ku Mtendere, komboni zoyandikana ndi sukuluyi ya pa Great East Road, imene idatsegulidwa mu 1966.

Ntchito yawo ili ndi miyendo iwiri, kuphunzitsa ndi kulemba zofufuza. Mwendo woyamba umayenda wokha, chifukwa ophunzira mazanamazana akudikira m'kalasi ndipo mapepala a mayeso aunjikana pa tebulo. Mwendo wachiwiri palibe amaukumbutsa tsiku ndi tsiku, komatu ikafika nthawi yokwezedwa pa udindo, akuluakulu amawerenga nkhani zimene munthu adasindikiza m'magazini a kafukufuku. Mukafunsa mphunzitsi watsopano kuti nkhani ija ili pati, yankho limakhala limodzi: "Nizalemba tikatseka sukulu." Sukulu ikatseka, kwagwa maliro kumudzi, mlongo akufuna ndalama ya sukulu ya mwana, ndipo pofuna kukwaniritsa za lendi, mphunzitsi uja wapeza ganyu yophunzitsa madzulo kwina. Pabanja lonse iye ndiye wophunzira, ndiye aliyense amagogoda pakhomo pake. Sindikumunyoza ayi, katunduyo ndi wolemeradi. Onjezerani chaka ngati 2024, pamene chilala chidachepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankapita maola oposa 20 pa tsiku m'madera ambiri a Lusaka. Kompyuta yazima, intaneti palibe, ana akulemba homuweki pa kandulo patebulo lomwelo.

Komabe ndikupempha aphunzitsi athu kuti tsiku lina ayende wapansi mu Alick Nkhata Road, aime pamene anyamata amaumba mabuloko. Woumba mabuloko sadikira mwezi wopanda zochita kuti aumbe nyumba yonse kamodzi. Amasakaniza simenti yokwanira tsikulo, kutsira m'chikombole, kusindira, kuyala pansi. Mawa amawathirira madzi kuti alimbe, n'kuumbanso ena. Ndipo mukamufunsa mmene ntchito yayendera, sanena kuti "ndatopa kwambiri lero". Amakuuzani nambala. Pamenepa ndi pamene aphunzitsi ambiri amadzinamiza: amayesa kutopa ngati kupita patsogolo. Munthu wawerenga mabuku sabata yonse, wakonza mafayilo, wasintha mutu wa nkhani kanayi, koma ndime yatsopano palibe ngakhale imodzi. Kope la makobidi ochepa likhoza kumuchiritsa: alembemo tsiku, mphindi zimene walemba, ndime zimene zatuluka. Pakutha pa mwezi kopelo silinama. Robert Boice, katswiri wa ku America amene adatsata aphunzitsi atsopano a m'mayunivesite kwa zaka zambiri, adapeza zomwezi, kuti olemba pang'ono tsiku ndi tsiku amatulutsa zambiri kuposa odikira tchuthi kuti alembe usiku ndi usana. Theka la ola mbandakucha, ana asanadzuke, ngakhale ndi bolopeni ngati magetsi kulibe, ndi buloko imodzi.

Wothamanga amagwa m'mbuna ina. Imelo imabwera yokoma, ikulonjeza kusindikiza nkhani yanu m'masiku ochepa mukangolipira madola. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Magazini otere sapereka nkhaniyo kwa akatswiri kuti aiunike, ndipo ndi ochuluka moti Jeffrey Beall wa ku Colorado adasunga mndandanda wawo mpaka mu 2017. Ndi bwino nkhani ibwezedwe kawiri ndi magazini yeniyeni kusiyana n'kugula manyazi ndi malipiro a mwezi.

Chimene chimandiwawa kwenikweni ndi china. Amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo ndi zoona. Karen Tranberg Hansen adayamba kufufuza za mabanja a ku Mtendere mu 1971, n'kumabwerabwera zaka zambiri, mpaka adatulutsa mabuku a Keeping House in Lusaka mu 1997 ndi Salaula mu 2000. Ann Schlyter wa ku Sweden adatsata komboni ya George kwa zaka zoposa makumi awiri, kuyang'ana mmene nyumba ndi miyoyo ya anthu ikusinthira. Ndimawalemekeza amayi awiriwa, ndipo nawonso adatha mtunda modumpha pang'onopang'ono. Koma mwana wobadwira ku Kanyama, amene amadziwa pamene madzi amaima mvula ikagwa, amene adaona kolera ya 2024 ikudzaza National Heroes Stadium ndi odwala, ali ndi digiri yake m'manja, akuti alibe ndalama yopitira kukafufuza. Kukafufuza kuti? Amayi ogulitsa makala ku Chawama, magulu osonkherana ndalama a chilimba ku Matero, owotcherera zitseko ku Kalingalinga, onsewa amalankhula chilankhulo chake, ndipo mtengo wowafikira ndi wa minibasi.

Mutu umodzi susenza denga, choncho mawu otsala ndi a inu akuluakulu a m'madipatimenti. Mwana wangolowa kumene, musamusenzetse makalasi onse amene inu mwatopa nawo pamodzi ndi ukalembera wa komiti iliyonse. Mpatseni m'mawa umodzi pa sabata wopanda kalasi ndi msonkhano. Khalani naye pansi, muwerenge masamba ake atatu oyamba ndi bolopeni m'manja, ndipo mumuuze tsiku limene mukufuna kuona atatu otsatira.