Mlendo alipira kuti atole zinyalala, ife titaya pa windo

Sabata yatha ndinakwera basi pa Kulima Tower. Pafupi nane panakhala mtsikana wa ku Germany, cikwama cacikulu pa miyendo. Anati apita ku Mfuwe kukathandiza kulambula tinjira ta alendo ndi kutola mapulasitiki m'thengo kwa milungu itatu. Tikiti ya ndeke, cakudya ndi pogona walipira yekha.

Ba kondakitala anaseka mpaka kugwira citseko. "Manje imwe, munthu alipila kuti asebenze? Ise tisakila nchito yotilipila!" Basi yonse inaseka, ine pamodzi. Tisanafike patali, bambo wina anatsiriza madzi ake naponya botolo pa windo. Palibe anakamba kanthu.

Ba kondakitala sanalakwe konse. Munthu amene adya za tsiku lomwelo sangasiye nchito milungu itatu kukasesa ku Luangwa. Ndiponso nchito yosamalira nkhalango iyenera kupatsa malipiro anyamata a m'midzi yozungulira, mlendo asawalande mwayi umenewo. Koma funso linandivuta usiku wonse: n'cifukwa ciani munthu aoloka nyanja kudzasamalira malo amene ife tili nawo pakhomo, koma sitinapondeko?

Thengo silili ku Mfuwe cabe. Lusaka National Park ili kum'mwera cakum'mawa kwa mzinda uno, inatsegulidwa mu 2015, ndipo muli zipembere, mbidzi ndi nyamalikiti. Kulinso Forest 27, kumene kuyambira mtsinje wa Chalimbana. Mbali ina ya nkhalangoyi inacotsedwa pa citetezo ndi kudulidwa mapuloti, ambiri a ife tili cete, poti tinaona ngati ni nkhani ya a ku mayadi.

Koma ni nkhani ya pa pompi yanu. Madzi ena a Lusaka acokera ku Kafue, ena ambiri acokera m'maboholo. Mwala umene mzinda uno wakhalapo uli ndi ming'alu yambiri, ndiye ciliconse cothira pamwamba cimatsika msanga. Pomwe pali mitengo ndi udzu, mvula ilowa pansi bwinobwino. Pomwe pali simenti ndi zinyalala, madzi athamangira m'makomboni, ndipo wa ku Kanyama adziwa bwino zimene zitsatira. Kolera ya 2024, imene inasandutsa Heroes Stadium kukhala cipatala, sitinaiwale.

Maganizo anga ni awa. Timabukitsa basi ya maliro, ya kitchen party, ya ulendo wa kwaya ku Siavonga. Tingalephere kubukitsa imodzi pa Ciwelu cimodzi cabe pa caka? A cilimba, a mpingo, a timu ya bola, sonkhani ya mafuta, tengani masaka ndi makasu. Yambani mwapempha cilolezo kwa oyang'anira malowo, iwo ndiwo adziwa kanjira kamene kakukokoloka ndi pomwe pafunika kutseka ndi miyala. Ana apite nawo. Amene tinakulira mu Chongololo Club tidziwa kuti mwana akaona mbidzi ndi maso ake, thengo salitenganso ngati dzala.

Ngati ulendo wakanika, yambirani pa mpando umene mwakhalapo. Botolo lisungeni m'cola mpaka mutsike. Ndipo ba kondakitala, tikupemphani, ikani kasaka kamodzi kumbuyo kwa mpando wa ba draiva.