Chikondi sachita kufinya

Tisanamizane abale. Mwana amene wakulira kumalo osungirako ana amasiye, n'kupeza makolo omulera atasinkhuka kale, nthawi zambiri amavutika kukhulupirira munthu. Apa ndi pamene akathyali amadyerapo, n'kumadzitcha akatswiri olumikiza mtima wa mwana ndi kholo.

Mu April 2000 ku Evergreen, m'chigawo cha Colorado ku America, mtsikana wa zaka 10 anamukulunga m'nsalu, akuluakulu anayi n'kumamupanikiza ndi mapilo kwa mphindi 70, ati "abadwenso" kuti akonde mayi womulera. Analira kuti akubanika, iwo osamva. Anamwalira. Mu 2001 awiri mwa iwo anawagamula zaka 16 m'ndende, ndipo Colorado inaletsa mchitidwewu. Kodi chimenechi n'chithandizo?

Musati za kutali. Ana a ku Malawi nawonso amaleredwa kunja, monga amene Madonna anatenga mu 2006, 2009 ndi 2017.

Tsono inu olera ana, funsani mosaopa: anaphunzira kuti? Chiphaso chake anamupatsa ndani? Katswiri weniweni amakhala pansi ndi kholo ndi mwana limodzi, modekha, kwa miyezi. Akangotchula zomanga mwana kapena kumumana chakudya, nyamulani mwanayo muzipita.