Wopita ku China asasiye Chichewa pakhomo

Aphunzitsi anzanga ndi makolo a kuno kwa Dambe, lero ndili ndi nkhani ya chiyankhulo. Chiyambire pamene dziko lathu linapalana ubale ndi China mu December 2007, achinyamata akhala akupita kukaphunzira kumeneko, ndipo ambiri amayamba aphunzira kaye Chitchaina. Mu 2016 ku University of Malawi kunatsegulidwanso Confucius Institute yophunzitsa chiyankhulochi. Anthu amati Chitchaina n'chovuta zedi. Ine ndikuti mwana wodziwa bwino Chichewa amafika kumeneko atanyamula kale kamba wa paulendo, kungoti ife sitimuuza.

Tiyambe ndi kukweza ndi kutsitsa mawu. M'Chitchaina cha Mandarin liwu limatha kutchulidwa m'njira zinayi. "Ma" wokweza mosasintha ndi mayi, koma "ma" wotsika n'kukweranso ndi hatchi. "Mai" wina ndi kugula, "mai" wina ndi kugulitsa. Taganizani wamalonda wa mbatata ya kachewere atasokoneza awiriwa! Koma kodi zimenezi n'zachilendo? Tchulani "mtengo" wa m'nkhalango, kenako "mtengo" wa thumba la feteleza. Tchulani "khungu" la pathupi ndi "khungu" la maso. Zilembo n'zofanana, koma khutu la mwana wa Sitandade 1 limasiyanitsa. Kwathu mawu amakwera kapena kutsika basi, kwawo amapindika, komabe khutu linazolowera kale kuti kamvekedwe kamasintha tanthauzo.

Chachiwiri ndi mpweya. Ife timasiyanitsa "pala" ndi "phala", "kola" ndi "khola". Iwonso n'chimodzimodzi. M'kalembedwe ka pinyin, kamene boma lawo linavomereza mu 1958, "b" amamveka ngati "p" wathu, pamene "p" amamveka ngati "ph". Wowerenga ndi maso a Chingerezi amaphonya, koma wokumbukira phala la m'mawa amalasa.

Nanga kuwerengera zinthu? Mtchaina sangonena kuti mabuku atatu. Amaika kaliwu pakati: "ben" pa mabuku, "tiao" pa zinthu zazitali monga msewu, mtsinje ndi nsomba. Ife amene timati mabuku atatu, nkhuku zitatu, mitengo itatu, tingadabwe chiyani kumva kuti mayina ali m'magulu? Pa ulemu napo, "ni" ndi iwe, "nin" ndi inu. Mchimwene wa amayi ali ndi dzina lakelake, "jiujiu", monga atsibweni athu, osati kungowunjika onse pa dzina limodzi ngati m'Chingerezi.

Tisanamizane, phiri lilipo. Kuti uwerenge nyuzipepala yawo umafunika zilembo pafupifupi 3,000, ndipo apa Chichewa sichikuthandiza. N'kukhala pansi basi, tsiku ndi tsiku.

Chondidandaulitsa n'chakuti m'masukulu ambiri a sekondale mwana akayankhula Chichewa amapatsidwa chikwanje kapena tsache. Kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu, ndiye mwana amamaliza Fomu 4 osadziwa kuti chiyankhulo chake chili ndi chuma chimenechi. Akafika ku Beijing amaphunzira Chitchaina kudzera m'Chingerezi, n'kumaopa chinthu chimene pakamwa pake pamachita chibadwire. Ife a m'malire muno timaona abale athu akulowa ku Mozambique n'kumatola Chipwitikizi pamsika popanda mantha. Mantha amenewa timawabzala ndi ife m'kalasi.

Chingerezi tiphunzitse ndithu, mayeso a MSCE akuchifuna. Koma pempho langa kwa aphunzitsi a Chichewa ndi ili: patulani phunziro limodzi teremu ino, lembani "mtengo" pabolodi kawiri, ana atchule okha, kenako muwauze kuti anthu a ku China amachitanso zomwezo. Mwina mwa ana amenewo muli wina amene adzakwere ndege, ndipo adzakuthokozani.